Pomwe Pankamupweteka Gil-ja

A Pyo Man-sik atapuma pa ntchito yawo yoyang'anira amakaniko kudepoti ya mabasi, anthu ankayesa akhala pansi n'kumaonera wailesi yakanema ngati madala anzawo. Ayi ndithu. Anakagula njinga yothamangitsa ija ya matayala owonda ngati chala, ya mahandulo opindikira pansi, n'kuyamba kusowa pakhomo Loweruka ndi Lamlungu lililonse. Mkazi wawo, Yeom Gil-ja, sanadabwe nazo. Abambo amenewa anayamba kusowa pakhomo chaka cha ukwati chomwe. Chomwe chinasintha n'chakuti tsopano ankabwerako atavala zothina, akununkha thukuta m'malo mwa girizi.

Chodabwitsa chinachitika mvula ya mu Julayi itangoleka. Gil-ja akuchokera kumsika anapeza njinga yachiwiri pakhonde la fulati yawo ku Hanam, m'dziko la Korea, yoyera mbee, yocheperako, itatsamira pafupi ndi mitsuko ya kimchi, ndiwo ya kabichi wowawasa.

"Bambo a Seul-gi, iyi ndi ya ndani?"

"Yako," anatero a Man-sik, maso ali pa tayala lomwe ankapukuta. "Masamba akayamba kufiira, gulu lathu lipalasa kutsata mitsinje mpaka ku Busan, kumapeto kwa dziko. Ena akutenga akazi awo. Ngati ungathe, tipite."

Tipite! Zaka makumi atatu n'kusefukira ali m'banja, mawu amenewa Gil-ja ankawamva kukagwa maliro basi, kapena popita kukalambula manda a makolo a kuchimuna. Koyenda kongosangalala, osanyamula mapoto, anali asanaitanidweko. Analowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mpunga wotsukatsuka kale, misozi ikugwera momwemo. Ndipo amuna ake ankawadziwa bwino: sapempha kawiri. Chinthu chikalephereka amangoti "chabwino," nkhani n'kutsekedwa mpaka kalekale. Ulendo wa ku Busan ukamuphonya, sipadzakhalanso "tipite" wina.

Pamodzi ndi njingayo panabwera chisoti, magolovesi ndi kabudula wakuda wothina, wosokerera siponji pakati ngati thewera la khanda. Gil-ja anamutembenuzatembenuza, akupukusa mutu. Lamlungu m'mawa anayamba wavala kaye chovala chake chamkati, cha nsalu ya thonje yokhuthala, cha mipendero yolimba, chomwe ankachiwiritsa mumphika ndi sopo mpaka chiyere monga anamuphunzitsira mayi ake. Kabudula uja anabwera pamwamba. Nanga mzimayi woleredwa ndi anthu angatuluke pakhomo mkati mulibe kanthu? Atagundidwa ndi galimoto, akuchipatala akati chiyani? Pamwamba pa zonsezo anavalanso buluku lotaya kuti anthu a mumsewu asamuwerenge thupi. A Man-sik anangoliyang'ana bulukulo. Za mkati sakanazidziwa, ndipo sakanafunsa.

Miyendo sinavute. Miyendo yomwe yakhala ikukweza makabichi pamasitepe chaka ndi chaka singaope kamsewu kosalala ka m'mbali mwa mtsinje wa Han. Mpweya nawo unalipo wokwanira. Mdani anali chishalo. Kanthu kowonda, kolimba, kosongoka, komwe a Man-sik anakamanga okha ndi tepi yoyezera ndi levulo, atagwada pakhonde masana onse, n'kulengeza kuti tsopano kali pamalo pake penipeni. Asanafike n'komwe pamlatho wa Paldang, Gil-ja anayamba kumva kutentha. Atawoloka, zinali ngati wakhalira mbaula. Akasendera kutsogolo, kunkaipa. Akasendera kumbuyo, chimodzimodzi. Anaimirira pamapedulo mpaka mawondo ananjenjemera, ndipo pokhalanso anatukwana chamumtima mawu omwe sankadziwa kuti amawadziwa.

Pachimbudzi chilichonse cha m'njira ankaima. A Man-sik ankadikira phazi limodzi lili pansi, akuyang'ana wotchi.

"Watopa?"

"Ayi."

"Ludzu?"

"Ayi."

"Nanga tikuimiranji?"

"Ndimafuna ndione maluwawa."

"Maluwa ake ati? Uwu ndi udzu."

Atafika kunyumba anadzitsekera m'bafa ndi kagalasi kam'manja. Mayo! Khungu linali litanyuka mizere iwiri, ndendende pomwe panadutsa mipendero ija, koma iye sanagwirizanitse zinthu ziwirizi. Anangoti thupi lake ndi lanthete, lizolowera. Chakudya chamadzulo anadya choimirira pafupi ndi sinki, amuna ake atakhala okha pakatebulo kapansi. A Man-sik anaona ngati wakwiya, ndiye anangoweramira mbale yawo n'kumatafuna.

Mwina mukuti, bwanji osangonena? Ee, kunena n'kosavuta kwa inu. M'nyumba imeneyi munabadwa mwana wamkazi, anakula mpaka kukwatiwa, popanda wina kutchulapo chiwalo chilichonse cha pakati pa mchombo ndi mawondo. Gil-ja atachira Seul-gi, a Man-sik anangoima pakhonde la chipatala ndi phukusi la ndiwo za m'nyanja zophikira msuzi wa ochembeza, n'kufunsa namwino ngati onse ali bwino. Ndiye lero, imvi zili mbuu, ayambe kuwafotokozera kuti pakuti-pakuti panyuka?

Choncho analimbana nazo yekha, ndipo njira iliyonse yomwe anayesa inali yolakwika. Anang'amba kamtsamiro kokhalira pansi, kofiira kamaluwa, kaja amayalira alendo, n'kusoka chovundikira chishalo chonenepa bwino. A Man-sik atachiona anagwira m'mutu.

"Make Seul-gi, njinga yapamwamba ngati imeneyi waiveka mtsamiro? Anthu akandiseka."

"Akuseka inu kapena ine?"

Anasekadi. Pamalo odyera guksu, chakudya cha ufa chonga zingwe za mumsuzi, pomwe gulu lawo linkapumira, madala ena anazungulira njingayo akufunsa ngati pali malo oika tebulo ndi tiyi. Gil-ja anaseka nawo, mano okha. Chikhala kuti mtsamirowo unathandiza, bwenzi zili bwino. Koma ayi. Thupi linkamira m'thonjemo, thonje n'kumakankha pomwe sipafunika kukankhidwa, thukuta n'kumadikha momwemo. Anayesa kuvala zamkati ziwiri. Anayesa paudala wa makanda. Mayi wa fulati yoyandikana nayo, atauzidwa kuti ndi vuto la msuweni wina wakumudzi, anapereka masamba owuma oti msuweniyo aziwiritsa n'kukhalira nthunzi yake. Gil-ja anakhalira nthunzi mpaka nyumba yonse inanunkha mankhwala, a Man-sik n'kumafunsa ngati kwapsa ndiwo. Mapeto a zonsezi chinali chithupsa, chachikulu ngati dzira la njiwa, pamalo pomwe munthu sangakhale osachikhudza.

Lamlungu la chithupsa limenelo ndi lomwe linawononga zinthu. Atangodutsa ku Yangsu, pakamtunda koti mwana angakwere akuimba, Gil-ja anatsika n'kuyamba kukankha njinga. Gulu linapitirira. A Man-sik anabwerera, n'kutsika nawonso.

"Tayala laphwa?"

"Ayi."

"Mabuleki akugwira?"

"Njinga ili bwino."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Palibe."

Anabwerera kunyumba pasitima, m'chipinda chakumapeto momwe amaikamo njinga. Mipando inalipo yambiri koma Gil-ja anaimirira njira yonse. A Man-sik ankayang'ana mtsinje pawindo. Sitima itatsala pang'ono kuima anayankhula osatembenuka.

"Ngati sukufuna, nena. Sindikukakamiza."

"Ndikufuna!"

"Sizikuoneka."

Mtima unamuwawa kuposa chithupsa. Ankafuna kuwagwira malaya n'kuwagwedeza. Munthu ameneyu amamva injini ya basi ikatsokomola ali kutsidya kwa msewu, koma mkazi wake akuyenda chotangadza pamaso pake, iye akufunsa za mabuleki!

Mkati mwa sabata Gil-ja anapita kubafa yolipira ya amayi ya kuseri kwa msika, komwe ankapitako kuyambira kale, akuganiza kuti madzi otentha achiphulitsa. Anali atakhala chammbali pabenchi m'chipinda chovulira pomwe panalowa mzimayi wina wamkulu kuposa iye, wamfupi, wouma ngati nkhuni, chisoti chili m'manja. Ntchafu zake zinali zamitundu iwiri, kumunsi zakuda ndi dzuwa, kumtunda zoyera. Anavula malaya, n'kukoka kabudula wakuda wothina uja, wofanana ndendende ndi wa Gil-ja. Mkati munalibe kanthu. Ngakhale kansalu.

Gil-ja anayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mwataya chiyani pamenepa, mayi?" anafunsa mzimayiyo. "Ngati ndi ndolo, sindinaione."

"Pepani achemwali. Kungoti... mwayenda mumsewu chonchi? Osavala kanthu mkati?"

"Kuchokera ku Yangpyeong. Nanga mumafuna ndivale chiyani, bulangete?" Anamuyang'ana Gil-ja mmene anakhalira, thako limodzi lili m'malere, n'kuyamba kuseka. "Aaa! Taimani. Inu mumapalasa, eti? Ndipo mumavala chamkati. Iii, mng'ono wanga, wadzipha wekha! Taimirira uyende ndione."

Gil-ja anaimirira.

"Bakha weniweni! Amayi inu, tabwerani mudzaone bakha."

Dzina lake anali Bang Mal-sun, ndipo analibe mawu a pansipansi. Amayi omwe ankasenda mazira owiritsa pakona anasendera pafupi, wina thaulo lili kumutu, wina akadali ndi sopo m'khutu. Gil-ja ankafuna nthaka ing'ambike. Koma m'bafa mulibe chobisa, aliyense ali mmene anabadwira, ndipo Mal-sun anali ataona kale chithupsacho n'kuimba mluzu.

"Siponjiyo anaisokerapo kuti ikhudze khungu. Ukaika nsalu pakati, mipendero imacheka ngati sowo. Umapaka mafuta, umavala wopanda kanthu, ukafika kunyumba umavula pompo n'kuchapa. Amuna ako sanakuuze?"

"Sitikambirana zoterozo."

"Nanga mwana munamupeza bwanji, pa lotale?"

Amayi aja anafa nacho chiseko. Wina anatsamwa ndi dzira mpaka anamumenya pamsana.

"Ndinasokeranso mtsamiro pachishalo," anatero Gil-ja chapansipansi, poti zinali zitatayika kale.

"Mtsamiro! Safunsa anadya phula. Ukautaye lero lomwe. Ndipo chishalo chakocho ndikuchidziwa osachiona, n'cha anyamata opanda chiuno. Ife tinabereka, mafupa athu okhalira anatalikirana. Chishalo chikachepa, mafupa amalendewera m'mbali, ndiye umakhalira pofewa. Mayi a pakauntala! Tibwerekeni katoni."

Anabweretsa katoni ya zakumwa. Mal-sun anaing'amba, n'kuyala chidutswa pabenchi yolimba, n'kumukhazika Gil-ja pomwepo. Gil-ja anakuwa chifukwa cha chithupsa, koma Mal-sun anamukanikiza mapewa n'kumuuza kuti akweze mawondo. Atadzuka, pakatonipo panali timaenje tiwiri.

"Ndi amenewo mafupa ako. Taonani kutalika kwake, basi ingadutse pakati!"

Zitatero aliyense anafuna kuyeza ake. Katoni yonse inatha, amayi akuluakulu akukhala n'kudzuka, akulinganiza timaenje tawo, akunenana kuti uyu anabereka mapasa, uyu ndi wouma ngati mwamuna. Gil-ja anaseka mpaka misozi, koyamba chilowereni njinga m'nyumba mwake.

"Katoniyi upite nayo kusitolo ya njinga," anatero Mal-sun akulowa kosambira. "Sukufunika kunena kanthu, ungoiika pakauntala, akudziwa. Chishalo chikabwera uchitsitseko pang'ono, chiuno chisamagwedezeke popalasa. Koma tamvera: usakwere njinga mpaka chilondacho chipole. Ukachita makani ukachiona kuchipatala ndi mpeni."

Langizo lomalizali ndi lomwe linamupachika. Loweruka a Man-sik anaima pakhomo la khitchini atavala kale chisoti.

"Tikupita?"

"Mutu ukundipweteka."

"Chabwino."

Sabata yotsatira anati akukathandiza Seul-gi kukonza m'nyumba. Inayo anati mitsuko ikufunika kutsukidwa. A Man-sik ankangogwedeza mutu n'kutsitsa njinga yawo pamasitepe. Gil-ja ankaima pawindo kuwayang'ana akukhota pakona, akudzitukwana. Masamba a mitengo ya m'mphepete mwa msewu anali atayamba kusintha mtundu.

Sikuti ankangokhala. Anakwera sitima kupita kusitolo ya kutali, dala, poopa kuti mwini sitolo ya pafupi, mnzawo wa a Man-sik, angaulule. Anaika katoni pakauntala maso ali kudenga. Mwini sitoloyo anayeza timaenje tija osamwetulira n'komwe, Mulungu amudalitse, n'kunena kuti cha saizi imeneyo chatha, aitanitsa. Podikira, Gil-ja ankapaka mankhwala m'mawa ndi madzulo. Chithupsa chinaphulika, chinauma. Tsiku lina ali yekha anavala kabudula uja wopanda kanthu mkati, siketi pamwamba, n'kupita kukataya zinyalala pansi. Ankayenda ngati wakuba, akuona ngati mlonda wa pageti akudziwa zonse. Koma pobwerera pamasitepe anaona kuti palibe chomwe chikumucheka, ndipo anakwiya kwambiri poganiza kuti mwezi wonse wavutikira kansalu.

Chishalo chinafika ulendo wa ku Busan utatsala sabata imodzi. Chinali chachifupi, chotambalala kumbuyo, chong'ambika pakati. Anachiika pansi pa chikwama cha kumsika, anyezi pamwamba, pamodzi ndi kasipanala kopindika komwe Mal-sun anamubwereka. Njira yonse ankakonza mmene zikhalire. Amanga chishalo amuna ake akapita kokayenda, Loweruka adzuka m'mamawa, avala, aima pakhomo n'kunena yekha kuti tiyeni. Ankafuna kuona nkhope yawo akamadzawadutsa pakamtunda ka ku Yangsu.

Atalowa m'nyumba anapeza a Man-sik atakhala pakatebulo, atathira tiyi wa balere m'makapu awiri, chinthu chomwe sankachita. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wachita zabwino ndipo akudikira kuyamikiridwa. Gil-ja anaponya maso pakhonde. Panali njinga imodzi.

"Njinga yanga ili kuti?"

"Takhala pansi, make Seul-gi."

"Ili kuti?"

"Ndakumasula," anatero a Man-sik mofatsa. "Ndakhala ndikuona. Sumaikonda, umangodzikakamiza chifukwa cha ine. Mutu, mitsuko, zonse zija ndinazimva. Ndinalakwa kukukoka pa zinthu zanga. Ndiye ndaganiza kuti isangochita dzimbiri. Asewere athu anauzidwa ndi dokotala kuti azilimbitsa thupi chifukwa cha shuga. Ndawapititsira ndekha m'mawawu. Anasangalala bwanji! Anandiphikira nkhomaliro, anandiperekeza mpaka pageti akuwerama. Ine ndikapita ku Busan, iwe upume."

Asewere! Mayi ake a mwamuna wa Seul-gi. Mwa anthu onse a m'dziko la Korea, anasankha munthu yekhayo amene sungamupemphe ngakhale supuni yako yomwe. Anthu omwe mumakumana nawo mutavala zakuukwati, mumalankhulana ngati muli kukhoti, mwana wanu akudya mpunga wawo. Chinthu chikalowa pakhomo pa asewere ngati mphatso chapita, sichibwerera.

Gil-ja anaika chikwama pansi. Anachotsa anyezi mmodzimmodzi mpaka anafika pa chishalo. Anachimenyetsa patebulo, tiyi n'kutayikira.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Man-sik.

"Mukufunsa ine? Si inu katswiri? Yezani ndi levulo yanu!"

"Make Seul-gi, tsitsa mawu."

"Sinditsitsa! Mwati sindimaikonda? Matako, bambo a Seul-gi! Matako ndi omwe amandipweteka! Mwamva? Matako ndi mphechepeche monsemu, ndi pena paja pomwe mukupadziwa bwino, musandiyang'ane ngati mlendo!"

A Man-sik anafiira mpaka m'makutu. Anadzuka n'kukatseka windo. Gil-ja anapita kukalitsekula.

"Amve! Amve onse mpaka pageti! Khungu linanyuka tsiku loyamba lomwe. Ndimapita m'zimbudzi zija kukalira, inu mukuyang'ana wotchi. Ndinatuluka chithupsa chonga dzira, ndinakhalira nthunzi ngati mbatata, inu mukufunsa ngati kwapsa ndiwo. Kachishalo kanu koyeza ndi tepi kaja kanali mpeni! Ndavula pamaso pa amayi a msika wonse, andikhazika pakatoni, andiseka kuti ndine bakha, ndakwera sitima mpaka kutali kukagula ichi, kuti Loweruka lino ndipalase pambali panu. Inu mwatenga njinga yanga mwakapatsa asewere. Ati ndakumasula! Ndinakuuzani kuti ndamangidwa?"

Atatero anakhala pansi, bwinobwino ndi matako onse awiri, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana.

A Man-sik anaima pakati pa chipinda manja ali lende. Patapita nthawi anatola chishalo chija, n'kuchitembenuza, n'kulowetsa chala pong'ambika paja.

"Bwanji sunanene?"

"Ndikanayambira pati? Inu munafunsa tayala. Munafunsa mabuleki."

A Man-sik anakhala pansi, chishalo chili pamiyendo.

"Tigula ina," anatero kenako. "Mwina saizi yako ipezeka Loweruka lisanafike."

"Sindikufuna ina. Ndikufuna ija munandigulira."

"Make Seul-gi, ukudziwa kuti sizingatheke. Mphatso ya m'mawa womwe uno? Kwa asewere? Adzati banja la a Pyo ndi lotani? Seul-gi adzayenda bwanji m'nyumba imene ija?"

"Ndikudziwa," anatero Gil-ja, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Ankadziwadi, ndipo n'chifukwa chake ankalira.

A Man-sik anaika chishalo patebulo mosamala, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Basi, anaganiza Gil-ja, zathera pomwepa. Wanena zonse zomwe sananenepo chibadwire, wadzichotsa ulemu mpaka kwa anthu a fulati yapansi, ndipo njinga palibe. Anatola anyezi omwe anagubudukira pansi pa firiji. Anapukuta tiyi. Kuchipinda kunkamveka zitseko za kabati, kenako madzi, kenako zii.

Chitseko chitatseguka, a Man-sik anatuluka atavala suti yakuda ndi tayi, tsitsi atalipesa ndi madzi. Suti inali itayamba kuwakulira chifukwa cha kupalasa. Sanamuyang'ane. Anapita pakhomo n'kuyamba kulimbana ndi nsapato zachikopa.

"Maapozi abwino, a m'bokosi, amagulitsa pati?"

"Pakona, kwa mayi wa chipewa chobiriwira." Gil-ja anaimirira, chopukutira chili m'manja. "Mukupita kuti?"

"Ukudziwa komwe ndikupita."

Anamanga zingwe za nsapato, n'kumasula, n'kumanganso. Anagwira chitseko koma sanatsekule.

"Ndikawauze chiyani?"

"Zoona."

"Pamaso pa asewere? Ine?"

"Mukanena kuti munalakwitsa saizi, akuuzani kuti ili bwino. Mukanena kuti ndaifuna, ndiye kuti ndine mzimayi woumira, Seul-gi avutika. Mukangotchula malo ake basi. Nawonso ndi mzimayi. Akakwera kachishalo kaja Lamlungu likubwerali akamva okha."

A Man-sik anatseka maso. Thukuta linali litayamba kale kutsika m'mbali mwa khutu, kolala ikunyowa. Bambo amene ankakalipira amakaniko depoti yonse n'kunjenjemera anaima pamenepo ngati mwana wotumidwa kukapepesa kwa aphunzitsi. Gil-ja anawamvera chisoni, koma sanawathandize.

"Panopa," anatero a Man-sik, akuyang'ana nsapato zawo, "pakupwetekabe?"

"Pang'ono. Papola."

Anagwedeza mutu, n'kutuluka. Gil-ja anasiya chitseko chosatseka n'kumamvetsera mapazi awo akutsika pang'onopang'ono. Pokhota masitepe oyamba anaima. Anawamva akutsokomola, kenako akuyeserera chapansipansi, ndi mawu aulemu aja olankhulira kwa asewere.

"Pepani kwambiri mayi, nkhani yake ndi ya... akazi anga... ndi ya mata..."

Anatsokomolanso, n'kuyambiranso pachiyambi, akutsika.